Kapu ya Bambo Norbert

Chaka chimene ntchito zinauma mu Dublin, ana a Bambo Norbert anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi bambo. Ankabwera kunyumba kwa bambo awo ku Beaumont Lamulungu lililonse, ndipo akachoka, kabati inkatsala ndi mipata ngati m'kamwa mwa mwana wogweluka mano. Esnat, yemwe ankasamalira nkhalambayo, ankangoyang'ana, mtima ukuwira.

Chinatsala ndi kapu imodzi yadothi, yakalekale. Inali ndi chithunzi cha sitima za makedzana: chumuni chachitali, mabogi opanda denga, azibambo a zipewa atakhala ndondondo. Bambo Norbert anakalambira pa ntchito ya njanji, ndipo kapuyo inali ya agogo awo.

"Kandibisire kwanu," anamuuza tsiku lina. "Akanditaya kunyumba ya okalamba, udzandibweretsere. Iwe wekha ndi amene sunanditengerepo kanthu."

Esnat anakaiika pamwamba pa firiji kunyumba kwake ku Tyrrelstown. Patapita sabata zitatu anapita kuchipatala kukachira, ndipo amayi a ku tchalitchi anatenga kiyi kwa mwamuna wake, Dunstan, kuti mwana adzafikire m'nyumba yoyera. Amayi athuwa akati tikonze m'nyumba, ngakhale khoma limaona zakuda.

Atatuluka m'chipatala anapeza mapoto akuwala ngati kalilole. Mayi Anastazia, mtsogoleri wa gululo, anamulandira mwana, kenako anatsitsa mawu.

"Koma mwana wanga, cup ija inali pa fridge, manyazi bwanji! Yakuda bii. Ndinaiviika mu jiki two hours, kenako steel wool. Taona."

Esnat anaona. Golide wa m'mphepete anali atapita. Utsi, zipewa, mabogi, zonse zinapita ndi madzi a musinki. Panangotsala kachidutswa ka gudumu pafupi ndi chogwirira.

Anafuna kukuwa mpaka a flat yapamwamba amve. Anafuna kuwafunsa kuti anawatuma ndani. Koma munthu wamkulu amene wasiya shift yake kudzakukolopera m'nyumba sumukalipira. Esnat anapinda bondo, ulusi wa opaleshoni ukumukoka.

"Zikomo kwambiri, amayi. Mwagwira ntchito."

Mawuwo anamuwawa kuposa bala. Alendo atangotuluka, mkwiyo wonse unagwera Dunstan.

"Inu munali kuti? Ndinakuuzani kuti kapu imeneyi asaikhudze munthu!"

"Ndikanawaletsa bwanji a Anastazia? Komanso mesa yayera?"

"Yayera! Pitani mukayere nanu!"

Pamene mwana ankakwanitsa mwezi, Bambo Norbert anali atasamutsidwira kale kunyumba ya okalamba, nyumba yawo ili ndi chikwangwani chogulitsa. Esnat anakulunga kapu ija m'chitenje n'kukwera mabasi awiri. Njira yonse ankakonza mawu, koma ofotokozera mzungu za jiki ndi amayi a ku tchalitchi sanawapeze.

Anawapeza atakhala pawindo, ataonda. Atamuona anamwetulira n'kutambasula manja onse awiri.

"Ndinawauza anamwino kuti ubwera nayo."

Anamasula chitenje pang'onopang'ono. Anaitembenuza kapuyo, n'kuitembenuzanso, chala chikufufuza sitima. Kenako anaiika pa tebulo n'kuikankhira kwa Esnat.

"Ana anga ankangotenga," anatero. "Koma sanandibweretserepo kapu yabodza."