Wachinja Ndani Nkhukuzi?

Kristina atabwera kuchokera kumpopi m'mawa wa Loweruka lija, anapeza nthenga zili mbwee pabwalo ponse. Mwamuna wake Bonifasi anali pa kampando, mpeni uli m'manja, akumwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso. M'beseni munali nkhuku zonse, zozingazinga, zososolasosola, zongodikira moto.

"Mayi a Maggie, lero musanenenso kuti amuna sathandiza," anatero Bonifasi. "Ntchito ndakupeputsirani."

Kristina anatula ndowa. Nkhukuzo sizinali zake, zinali za gulu la amayi la m'dera lawo ku Chilomoni. Mphepo ya mvula yoyamba inali itasasula denga la sukulu ya mkombaphala, ndipo ana, kuphatikizapo Maggie wawo, ankangobalalika mitambo ikada. Choncho amayiwo anagwirizana kuti Khirisimasi isanafike aphike mpunga wa nkhuku, masamusa ndi thobwa, akagulitse pabwalo la mpira, phindu lake agulire malata. Aliyense anadzipereka kugwira ntchito yaulere. Kristina, yemwe anali atangolowa kumene m'gulumo, anaimika mkono kuti nkhuku aphika ndi iye, paja kwawo ku Nsanje dzanja lake la ndiwo linkatchuka.

Koma pamsonkhano panamangidwa mfundo imodzi: nkhuku zonse akachinje ndi a Salehe, amuna a mayi Zubeda, wapampando wa gululo. M'deramo Asilamu ndi ambiri, ndipo sadya nyama yomwe sinachinjidwe mwa mwambo wa chipembedzo chawo. Kristina anangouza mwamuna wake kuti nkhuku zifunika m'mawa. Za a Salehe sanatchule, poganiza kuti munthu wokhala m'tauni muno zimenezi amazidziwa kale.

"Bambo a Maggie, mwandipha," anatero Kristina. "Nkhukuzi amayenera kuchinja a Salehe. Theka la ogula athu ndi Asilamu, kumzikiti analengeza dzulo kuti abwere."

Kumwetulira kwa Bonifasi kunathera pomwepo. Anayang'ana beseni, nayang'ana mpeni, kenaka anakanda m'mutu.

"Nanga mpeni wanga ndi wa a Salehe zikusiyana pati? Inu ingophikani. Mukathira tomato ndi anyezi, ndani adziwe? Akakufunsani mungoti achinja. Tikuchitira ana, si kuba ayi."

Tisabise, mawuwo anamukomera Kristina. Dzuwa linali likukwera, ndipo ankaopa kuti amayi anzake amunena kuti mlendo uja wangofika n'kuwononga zinthu. Anafika poyatsa mbaula. Koma atakumbukira kuti mayi Zubeda ndi amene anamulandira m'gulu, amenenso ankamusungira Maggie iye akapita kukaoda tomato ku Limbe, anachita manyazi. Kodi akanawapakulira bwanji mayi amenewo nyamayo, n'kumawaonerera akudya? Anavundikira beseni, namanga chitenje, ulendo kwa mayi Zubeda.

Anawapeza pakhonde akukazinga masamusa. Kristina anakhala pansi nafotokoza zonse, ngakhalenso maganizo obisa aja anawaulula. Polankhula misozi inali ikulengeza.

Mayi Zubeda anavuula masamusa kaye, n'kuphula chiwaya. Kenaka anapukusa mutu, koma mokhala ngati akufuna kuseka.

"Achimwene athu a Bonifasi, changu chawo chawapweteka lero," anatero. "Achemwali, pukutani misoziyo. Mwachita bwino kubwera. Mukanaphika n'kubisa, mwina lero tikanagulitsa zonse. Koma m'dera muno mulibe chinsinsi, nthengazo anthu aziona kale. Nkhani ikanamveka mawa, Msilamu aliyense akanati gululi linatidyetsa haramu, nyama yoletsedwa, mwadala. Akanagulanso kanthu kwa ife? Gulu likanagawikana, Akhirisitu uko, Asilamu uko, sukulu n'kukhalabe yopanda denga."

"Ndiye titani, amayi? Nkhuku zina tizipeza kuti nthawi ino?"

"Nyamayi sinawonongeke, kungoti si ya aliyense. Mukuwadziwa a Laurenti, a chiwaya cha pafupi ndi malo omwera mowa aja? Iwo amawotchanso nkhumba, moti Asilamu sagulapo n'kale. Kuseri kwa nyumba yawo amasunga nkhuku zamoyo. Kawapempheni musinthane. Lero ndi Loweruka, nkhuku zososola kale azilandira ndi manja awiri."

Kristina atabwerera ndi uthengawo, Bonifasi sanatsutse. Anamangirira beseni panjinga, nakankha chokwera mtunda, thukuta lili kamukamu. A Laurenti anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma anavomera. Vuto linali lakuti nkhuku zawo zamoyo zinali zochepa poyerekeza ndi za m'besenimo. Bonifasi atafika nazo kunyumba anaima kwa kanthawi pakhomo pa khola lake. Mmenemo munali tambala wamkulu amene ankamunenepetsa kuyambira nthawi yozizira, woti banja lidye pa Khirisimasi. Anamugwira, nam'manga miyendo, namuika pamodzi ndi zinazo.

"Ife tidzadya usipa, sitifa," anatero osayang'ana mkazi wake.

A Salehe anabwera ndi mpeni wawo, natchula dzina la Mulungu pa nkhuku iliyonse, nachinja zonse Bonifasi akuwagwirira mapiko. Amayi ena a gulu atamva, anasiya zawo n'kudzathandiza kusosola. Ena anang'ung'udza ndithu, paja pagulu sipalephera wotero. Mayi wina anati, "Ntchito imodzi kugwira kawiri, chikhala ganyu bwenzi tikulandira kawirinso." Komabe manja sanaime.

Kubwalo la mpira chakudya chinafika mochedwa. Masamusa ndi thobwa zinali zitayamba kale kuyenda, wailesi ikuphulika ndi nyimbo za Khirisimasi, anthu akufunsa kuti mpunga uja uli kuti. Mayi Zubeda anafuna kupepesa m'malo mwa gulu, koma Kristina anapempha kuti alankhule yekha. Anaimirira pamaso pa anthu onse.

"Pepani makolo, tachedwa chifukwa cha ine. Nkhuku zoyamba zinazingidwa kunyumba kwanga, osati mwa mwambo wa Chisilamu. Zimenezo tazichotsa, sizili pano. Izi achinja a Salehe, ndipo mapoto ndi zipande tatsuka bwinobwino. Aliyense adye ndi mtima umodzi."

Kenaka a Hamudi, mkulu wina wa kumzikiti yemwe amasoka zovala pamsika, anadzuka ndi ndodo yawo n'kubwera patebulo. Mkuluyu amadziwika kuti pa ukwati kapena pamaliro sakhudza nyama asanafunse kawiri kuti wachinja ndani. Kristina anakonzeka kufunsidwa.

"Mwanawe, ndipakulire mbale ziwiri, ina ndikapatse agogo ako kunyumba," anatero a Hamudi. "Ndipo kuyambira lero, chimene waphika iwe sindidzafunsanso."

Kristina anapakula, chimwemwe chitadzaza mumtima. Kumbuyo kwa a Hamudi mzere unayamba kutalika, a zipewa zakumzikiti ndi a makolona m'khosi ataima malo amodzi. Bonifasi ankatsuka mbale kuseri kwa tebulo, anzake akumuseka kuti walowa gulu la amayi. Dzuwa lisanapendeke mapoto onse anali atapalidwa.

Sukulu zisanatsegulidwe mu Januwale, malata atsopano anali atakhomedwa. Okhoma anali Bonifasi ndi a Salehe, wina pamwamba wina akupatsira misomali, ndipo tsiku loyamba la sukulu Maggie ndi anzake anaimba mvula ikugwa panja osanyowa.

Pamsonkhano wotsatira mayi Zubeda anawauza amayi onse motere: "Tikamagwira ntchito yothandiza dera, tizikumbukira kuti dera ndi la anthu a zipembedzo zosiyana. Tizifunsana za miyambo ya anzathu tisanayambe ntchito, ndipo zimene tagwirizana tizikawauzanso a kunyumba. Wina akalakwitsa asabise, anene msanga, tikonzere limodzi. Denga likasasuka timagula malata ena, koma anthu akasiya kutikhulupirira palibe sitolo yomwe tingakaguleko chikhulupiriro chawo."