Dzanja la Bambo a Alinafe

Dyna anakwatiwa ndi Fletcher akudziwa za khosi lake. Mwamunayo anachokera ku Chiosya kudzakhala chikamwini ku Dambe, ndipo tsiku lomwe anadzaonekera kwa akuchikazi, mutu wake unkagwedezekera kumanzere mwadzidzidzi ngati wina waukoka ndi chingwe, diso n'kuphethira. Ankatero chiyambire ali mwana. Anzake a Dyna anaseka, koma iye anaona munthu wolimbikira kumunda, wosamwa, woseka ndi mano onse.

"Khosi sililima," anawayankha. "Amalima ndi manja."

Anabereka mwana wamkazi, Alinafe, kenako wamwamuna, Stefano. Fodya ankachita bwino, mtedza nawonso, mpaka anafolera nyumba ndi malata.

Tsiku lina m'chilimwe Fletcher anapita kudimba kukathirira tomato, Alinafe n'kumulondola. Mwanayo anali asanayambe sukulu. Ng'ombe za munthu wina zinathyola mpanda, Fletcher n'kuthamanga kukazipirikitsa. Pobwerera anapeza patapata mmodzi m'mphepete mwa chitsime. Anamuvuula yekha mwana wake, koma anali atatha kale.

Pamaliro Fletcher sanagwetse msozi. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, khosi likugwedezeka monga mwa masiku onse. Dyna, ali pakati pa amayi omugwirira, anamuona, ndipo china chake chinauma mumtima mwake.

Mvula itayamba, kunabwera chachilendo. Dzanja lamanja la Fletcher linayamba kutambasuka lokha, zala n'kufumbata mphepo, kenako n'kukokera pachifuwa. Linkatero kangapo motsatizana, mwina ali kumunda, mwina pachakudya, ngakhale m'tchalitchi. Akamasoka fodya m'chigafa, masamba ankagwa pansi. Akamufunsa, ankangoti, "Ndi matenda anga omwe aja."

Anthu sanavomere. Zinayamba kumveka kumjigo kuti mkamwini wa ku Chiosya anakhwimira fodya, kuti malata aja analipira ndi mwana, ndipo dzanjalo likukoka chuma cha anzake. Atsibweni ake a Dyna, a Jonasi, omwe anali mwini mbumba, anamuitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Mwana wanga, munthu uyu tamusunga mokwanira. Watsala ndi mwana mmodzi. Ukufuna tikakumbenso manda ena?"

Dyna sankakhulupirira za kukhwimazo. Komabe chimene chinkamudya n'chakuti mwamuna wakeyo sanatchulepo dzina la Alinafe chichokereni kumanda. Iyenso anali atasiya kumuitana kuti bambo a Alinafe. Ankangoti "inu".

Anapita naye kumapemphero, osasintha. Anawoloka malire kukaonana ndi wazitsamba wina cha ku Chipata, anangobwerako ndi mphini. Potsiriza anakafika kuchipatala cha paboma. Nesi wina, a Tiwonge, anamuyang'ana Fletcher nthawi yaitali osalemba kanthu.

"Khosili ndi dzanjali zinayambira limodzi?"

"Ayi," anayankha Dyna. "Dzanjali ndi la chaka chatha."

A Tiwonge anafotokoza kuti ku Lilongwe kuli madokotala amene akuchita kafukufuku wa anthu ogwedezeka chonchi. Anati pali kugwedezeka kwina kumene thupi limangochita lokha, ndiye pali kwina kumene munthu amachita chifukwa maganizo amukakamiza. Kuziona ndi maso zimafanana, koma chithandizo chake n'chosiyana. Galimoto ya kafukufukuyo inkadzatenga anthu paboma pomwepo.

Ku Lilongwe anawalowetsa m'chipinda chozizira. Madokotala anamuveka Fletcher chipewa cholimba chokhala ndi mawaya ambirimbiri, atamupaka mafuta oterera m'mutu. Pakhosi ndi pamkono anamumata tizipangizo tating'ono tomva minofu ikamagwira ntchito, kenanso pachala komva kugunda kwa mtima. Dyna analoledwa kukhala pakona. Ankaona mizere ikuyenda pakompyuta ngati nyerere zosamuka, ndipo nthawi iliyonse khosi likagwedezeka, mzere umodzi unkadumpha.

Dokotala anali mayi wachikulire wolankhula pang'onopang'ono. Anamuuza Fletcher kuti angokhala, asadziletse chilichonse. Kenako anamuuza kuti agwedeze khosi dala, motsanzira mmene limachitira. Kenako anamupempha kuti ayese kuliletsa khosilo. Fletcher anatha kwa kanthawi, nkhope ili gwaa, mpaka linadzagwedezeka mwamphamvu, iye n'kupuma.

"Munamva bwanji?"

"Ngati kuyetsemula kukamabwera. Pakhosi pamayabwa m'kati. Likagwedezeka, basi kwatha."

"Tsopano yesani kuletsa dzanjali."

Apa zinasintha. Fletcher anagwira dzanja lamanja ndi lamanzere. Posakhalitsa thukuta linatuluka pamphumi. Kamzere ka mtima kanayamba kuthamanga. Anayang'ana kukhomo ngati wamva kukuwa panja.

"Ndisiyeni ndichite," anatero. "Chonde, adokotala, ndisiyeni."

Dzanja linatambasuka, kufumbata, kukoka. Kutambasukanso, kufumbata, kukoka. Dyna anatembenukira kukhoma.

Madzulo ake dokotala anawaitana onse awiri, n'kutembenuza kompyuta kuti aone. Anawaonetsa zithunzi ziwiri za mizere. Pa choyamba, cha khosi, mzere wa ubongo unali wongoyenda flati mpaka pamene minofu inadumpha. Pa chachiwiri, cha dzanja, mzerewo unayamba kukwera pang'onopang'ono dzanja lisanasunthe.

"Munthu akafuna kunyamula khasu, ubongo umayamba wakonzekera," anatero dokotala. "Pa khosi lanu kukonzekerako sitikukuona kwenikweni. Pa dzanjali kulipo, ndipo mtima umayamba kuthamanga dzanja lisanayambe. Makinawa sanena zonse, n'chifukwa chake tikufufuzabe. Akungotiuza kuti pali chimene chimatsogola. Chimenecho mukuchidziwa ndinu, bambo. Dzanja lisanatambasuke, mumaona chiyani?"

Fletcher anayang'ana pansi. Khosi linagwedezeka. Panja wina ankakankha kabedi ka matayala olira.

"Madzi," anatero.

"Madzi a kuti?"

"A pachitsime. Ndimaona mwana akumira. Koma si Alinafe ayi. Ndi Stefano. Ndikapanda kumukoka, mtima umandiuza kuti zichitikadi. Ndikudziwa kuti n'zopanda nzeru. Ndikudziwa kuti mwanayo ali kunyumba ndi agogo ake. Koma nanga ndikasiya tsiku limodzi, n'kuchitika?"

Dyna anamuyang'ana mwamuna wake. Nthawi yonseyi ankagona pamphasa imodzi ndi munthu wovuula mwana m'chitsime kuyambira m'mawa mpaka madzulo, iye n'kumati munthuyo alibe chisoni.

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikanayamba bwanji? Ndinapita naye ndine kudimba. Ndinalibe pakamwa polirira pamaso pako."

Pamenepo analira, kulira kwa munthu wamkulu kosazolowera njira, kotuluka modukaduka. Dokotala anakankhira mpando wake kumbuyo. Dyna anagwada pasimenti n'kugwira maondo a mwamuna wake.

"Bambo a Alinafe," anatero. "Bambo a Alinafe, pepani."

Dokotala anawauza kuti khosi likhoza kukhala choncho moyo wonse, ndipo silipha. Dzanja ndi matenda a mantha okakamiza. Ali ndi mankhwala ake, komanso munthu amaphunzitsidwa kupirira manthawo pang'onopang'ono osachita chimene akumulamula, mpaka mtima uzolowere kuti palibe choipa chimene chichitike. Anati azikaonana ndi a Tiwonge paboma mwezi uliwonse.

Dyna anabwerera ku Dambe ali ndi chikhulupiriro kuti nkhani yatha. Anakafotokozera a Jonasi zonse, za chipewa, za mizere, za madzi. A Jonasi anamvetsera mpaka pamapeto, akusenda chimanga.

"Ndiye wavomera yekha kuti amaona Stefano ali m'chitsime?"

"Atsibweni, si choncho. Ndi mantha."

"Makina a m'tauni angaone za kuno? Iwe wamva mantha. Ine ndamva munthu akutchula mwana wotsatira."

Mawu aja, amene Dyna anawatenga ngati mankhwala, anasanduka umboni. Sabata isanathe, abale anakhala pansi n'kugamula kuti mkamwini abwerere kwawo. Fletcher sanatsutse. Anamanga zovala pa njinga, n'kusiya fodya ali m'chigafa. Abale aja anamubisa Stefano kwa agogo ake kuti bambo ake asamutsanzike.

Patapita milungu ingapo Dyna anakwera kabaza kupita ku Chiosya. Anamupeza atakhala pakhonde la mchemwali wake, ataonda, masaya atalowa. Dzanja silinkapumanso. Khungu la pachifuwa linali litasupuka ndi zikhadabo.

"Kuno sindimuona Stefano," anatero Fletcher. "Kuja ndinkati ndikatembenuka n'kumuona akusewera, mtima unkatsika. Ali bwanji? Sakupita kudambo?"

"Ali bwino. Wayamba kuwerenga mpaka teni."

Fletcher anamwetulira, dzanja likukokabe.

Pobwerera, Dyna anatsika kabaza asanafike kumudzi n'kuyenda wapansi. Anadutsa munda umene amayi ake anamugawira, mtedza uli biriwiri. Anadutsa msitu wa kumanda, kumene kunagona Alinafe pafupi ndi agogo aakazi a Dyna. Mkazi wa ku Dambe sasiya nthaka ya mbumba yake kutsata mwamuna wothamangitsidwa. Ankadziwa kuti akachoka, munda upita kwa ena, ndipo pamaliro a pamudzi azidzakhala ngati mlendo.

Anadikira mpaka anakumba mtedza. Kenako m'mawa wina anabereka Stefano, ngakhale anali atakula kale posayenera kuberekedwa, n'kusenza mtolo wa ziwiya. Amayi ake a Dyna anaima pakhomo akulira, koma sanamuletse. A Jonasi sanatuluke m'nyumba.

Ku Chiosya anawapatsa kanyumba kaudzu ndi kamunda kamchenga. Mwezi uliwonse ankapalasa njinga kupita paboma, Fletcher kutsogolo, Dyna pakaliyala. A Tiwonge ankamukhazika pampando n'kumuuza kuti aike manja pamaondo, alole madziwo abwere m'maso mwake, adikire. Masiku ena ankatha. Masiku ena ankatuluka thukuta lili chuchuchu.

Pofika dzinja lotsatira kukoka kwa dzanja kunali kutachepa, moti ankatha kugwira khasu mzere wonse osaima. Uthenga unabwera kuchokera ku Dambe kuti amayi ake a Dyna akudwala. Dyna anapita yekha, n'kukhalako masiku owerengeka. Nyumba yake ya malata anapeza mukukhala mwana wa a Jonasi ndi mkazi wake. Anamulandira bwino, n'kumuyalira mphasa pakhonde.