Kadontho ka Bambo pa Mapu

Anaudzu, monga ankamutchulira anzake a kuntchito, anayala mapu patebulo n'kutsindira m'makona ndi makapu. Ntchito yake inali kusunga zomera zouma m'mafayilo ndi kulemba komwe chilichonse chimamera, komanso kuphunzitsa za zomerazo. Mapu amenewa anali a mtundu wina wa mlulu wa m'nkhalango, waufupi, wa tsinde la ngodya zitatu, wokonda mthunzi ndi chinyontho. Timadontho tonse tosonyeza komwe umamera tinaunjikana kumapiri ozizira a kumpoto. Kamodzi kokha kanali patali, m'kankhalango ka kuseri kwa tauni, ndipo chifukwa cha kadontho kameneko, kwa zaka makumi atatu palibe analoledwa kudulamo mtengo. Amene anakalemba anali bambo ake.

Tsopano omanga msewu ankafuna kudutsamo, ndipo iye anapatsidwa fomu yoti atsimikize ngati mluluwo ulimodi. Milungu itatu anakwawa m'mbali mwa kasupe wa m'nkhalangoyo mpaka mawondo kusupuka. Sanaupeze. Atatsegula fayilo ya bambo ake, anaona kuti kumizu ya chomeracho kunakanirira dothi lofiira. Dothi la kukasupeko n'lakuda bii.

Bambo akewo anawapeza pakhonde akuwothera dzuwa, maso atachita ng'ala.

"Bambo, mlulu uja munauzula kuti?"

"Wadya koma? Mawu akowo ndi a munthu wanjala."

"Bambo."

Nkhalambayo inasisita bondo kwa nthawi. "Kumpoto," inatero. "Ndinabwera nawo m'thumba la jekete. Masiku amenewo ankafuna kugwetsa mitengo yonse. Ndinawauza za kasupe, anandiseka. Ndinawauza za mbalame, akuti mbalame zili ndi mapiko, zisamuka. Koma kaudzu kosowa, ka dzina lopinda lilime, anakaopa."

"Anthu akhala akukopera bodza limeneli m'mabuku. Inenso ndaphunzitsa ana a eni ake zomwezo."

"Ndikudziwa."

"Ndiye nditani? Ndisaine kuti ulimo?"

"Dzina ndi lako, mwanangu. Langa ndinaliipitsa kalekale, kungoti anthu sanadziwe."

M'mawa mwake anakhala ndi fomuyo mpaka tiyi kuzizira. Ankaganiza za mitengo ija, ina yoti anthu atatu sangaikumbatire. Ankaganizanso za mtsikana wina amene chaka chatha analephera mayeso chifukwa cholemba kuti mluluwo sumera kumalo otentha. Anamulepheretsa ndi iyeyo.

Analemba mawu amodzi: sunapezeke. Kenako anawonjezera masamba anayi ofotokoza za kasupe, achule ndi mitengo, ngakhale ankadziwa kuti owerenga adzalekera pa mzere woyamba. Pamapu anafufuta kadontho kaja, pepala mpaka kutsala pang'ono kubooka.

Patatha miyezi iwiri, bambo ake anapempha kuti awaperekeze kunkhalangoko. Ankayenda pang'onopang'ono, akupapasa mtengo uliwonse. Pa wina zala zawo zinaima.

"Apa pakuterera. Ndi penti?"

"Eya, bambo. Aika zizindikiro pa mitengo yoti idulidwe."

"Yonse?"

"Yambiri."

Anapukuta zalazo pa thalauza. Sanamudzudzule, ndipo zimenezo n'zomwe zinamupweteka kwambiri. Anafuna kupepesa, koma sanadziwe kuti apepese chiyani. Anangowagwira pamkono.

"Usandikoke," anatero bambo ake. "Njira ya kukasupe ndikuidziwa. Khala chete, timve ngati madzi akadali kuyenda."