Kudyetsa Madzi Opanda Nsomba

Ndalota maloto amene andisowetsa mtendere. Paja ndinagula kathanki kagalasi kowetera nsomba m'nyumba. Wogulitsayo anati ndisaikemo nsomba mpaka patapita masabata angapo, ndizingowazamo kachakudya kuti muswane tizilombo tosaoneka toyeretsa madzi. Ndiye m'mawa uliwonse ndimadyetsa madzi opanda kanthu.

Ndinalota kathankiko katakula n'kudzaza pabalaza ponse, ine ndili m'kati. Madzi anali ofunda, akununkha ngati mkodzo, koma ndinkapuma bwinobwino. Tinthu tinkandinyerenyesa kumapazi, ndikumva tikutafuna, koma ndikayang'ana sindinkaona kanthu. Kunja kwa galasi kunaima eni nyumba imene ndimachita lendi, mayi Nachisale, ndi azimayi akutchalitchi kwawo, onse atavala zoyera.

"Achimwene, mukuweta chiyani m'menemo?" anafunsa mayiwo.

Ndinafuna kuyankha kuti ndi tizilombo chabe, koma m'kamwa munangotuluka thovu.

"Zoweta zosaoneka timazidziwa ife," anatero. "Lero zikudya ufa, mawa zifuna mwana wa munthu."

Kenako azimayi onsewo anayamba kuimba, uku akutulutsa katundu wanga. Matilesi anadutsa akuyandama pamwamba panga. Kansomba kofiira kanabwera katavala nsapato zanga, n'kundinong'oneza kuti nthawi yake sinakwane.

Kaya ndi mantha anga chabe, kaya malotowa akundichenjeza, sindikudziwa. Koma lero m'mawa, ndikuwaza kachakudya kaja, ndangoona mayi Nachisale ataima pawindo, tsache lili m'manja. Ayang'ana madziwo nthawi yaitali, kenako ayang'ana ine.

"Zadya?" andifunsa.

Ndadikira kuti aseke. Sanaseke.