Mitanda Yofiira pa Azakhali

Mufakitale yosoka mayunifomu ija, munthu akangoti "Azakhali", aliyense ankadziwa kuti akunena mayi wa pa makina a pakona, pafupi ndi zenera losweka. Anali azakhali a munthu mmodzi yekha, koma dzinalo linafalikira ngati chimfine, mpaka manijala ankawaitana choncho. Mwini wake weniweni wa azakhaliwo anali mtsikana amene anzake anamupatsa dzina loti Madamu, chikwezedwereni kuchoka pa makina kukhala wophunzitsa antchito atsopano. Dzinali linali lachipongwe, ndipo Azakhali okha ndiwo sankalitchula. Kwa iwo anali "iwe mwanawe", monga analili tsiku lija anamubweretsa pageti kudzamupemphera ntchito, asakudziwa ndi kulowetsa ulusi pasingano komwe.

Madamu atangokwezedwa, kampani inamulembetsa kosi ya pa intaneti. Inali ya kaphunzitsidwe ka anthu akuluakulu pogwiritsa ntchito zipangizo zamakono: mavidiyo, mafoni, timafunso toyankha pongodina. Ankaphunzira nthawi ya nkhomaliro m'chipinda chosungira nsalu, laputopu atayikhazika pa mpukutu wa khaki, buledi kudzanja lina. M'kalasi mwawo analimo anthu makumi anayi ochokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo onse ankaoneka timitu tokha pagalasi la laputopu. Phunziro loyamba linati munthu wamkulu si mwana, amalowa m'kalasi atanyamula zaka zake zonse, ndipo ukamuchititsa manyazi wamutaya. Pa mafunso khumi a phunziro limeneli Madamu anakhoza onse. Musaiwale zimenezi, onse khumi!

Sabata yachisanu mphunzitsi wa kosiyo anapereka ntchito. Aliyense ajambule vidiyo ya mphindi zitatu ya kuntchito kwake, yoonetsa kagwiridwe kolakwika kaye, kenako koyenera. Koyenerako kunalibe vuto, Madamu akanasoka yekha. Kolakwikako ndiye kunavuta. Anapempha atsikana awiri a mzere wa makolala kuti achite ngati sewero, koma kamera ikangowayang'ana ankafa nazo nseko mpaka misozi. Anayesa kanayi, osatheka. Tsiku lopereka linali litayandikira.

Ali chikhalire m'chipinda muja, anasuzumira pakhomo n'kuona Azakhali ali pantchito. Mapini asanu ali ndandanda pakamwa. Nsapato zili pambali, phazi lili pachopondera lopanda kanthu. Kachitsulo kotchinga chala ku singano anakachotsa kalekale, kanali m'kabati limodzi ndi mabatani. Zonsezi zinalembedwa m'buku la malamulo a kampani kuti n'zoletsedwa, koma ndani akanawauza? Zaka makumi atatu pamakina amenewo, singano inali isanawalawepo chala, ndipo kolala yawo inkatuluka yowongoka moti ngakhale oyendera ntchito sankaitembenuza. Ganizo linamubwerera Madamu lokha, ndipo tinene zoona, sanalithamangitse.

"Azakhali," anatero atawayandikira, "kusukulu kwathu akufuna vidiyo ya munthu wodziwa ntchito. Ndikujambuleni?"

Azakhali analavulira mapini m'dzanja. "Ine? Ndi nkhope yonga nsalu yosasita ino? Iwe mwanawe, usandiseweretse."

"Zoona, Azakhali. Muzingosoka mmene mumasokeramo."

"Ndiye mawa. Lero ndavala ngati wokolopa."

M'mawa mwake anthu anaima kusoka. Azakhali analowa atavala diresi lawo labuluu lopitira ku maukwati, ndolo m'makutu, milomo atapaka zofiira zobwereka kwa mpongozi wawo. Mzere wonse unakuwa, wina mpaka kuimba mluzu. Iwo anangoti, "Mundisiye, lero ndikupita kunja osakwera ndege." Anakhala pamakina, kuvula nsapato, kuika mapini pakamwa, n'kuyamba. Ndipo posoka ankalankhula, mawu akutulukira pakona pa milomo. Ankafotokoza kuti makina amamveka kuphazi asanamveke kukhutu, kuti ulusi ukatsala pang'ono kuduka chopondera chimanjenjemera mwa mtundu wina, n'chifukwa chake nsapato zimamugonthetsa munthu. Madamu anagwira foni osagwedera. Mumtima ankadziuza kuti vidiyoyo ikaonedwa ndi anthu akutali okha, osawadziwa Azakhali, ndiye palakwika chiyani?

Nthawi ya nkhomaliro anaikonza. Anayamba n'kuchotsa mawu a Azakhali, chifukwa ankasokoneza. Kenako paliponse pamene panali cholakwika ankaimitsa chithunzi n'kuikapo mtanda wofiira, uja aphunzitsi amathethera masamu olakwa, ndi kaphokoso koti bzzz. Pamapini, bzzz. Paphazi, bzzz. Pandolo zolendewera, zomwe mayi wa anthu anavalira iye yemweyo, bzzz. Mitanda inakwana isanu ndi iwiri. Kumapeto anaika manja akeake akusoka kolala mwa malamulo, ndi chizindikiro chobiriwira chochonga.

Eee, vidiyo inatchuka! Mphunzitsi analemba kuti aliyense m'kalasi aionere, ndiyo chitsanzo. Anzake anathira tinkhope toseka pansi pake, ndipo wina anafunsa kuti gogo wa sewero ameneyu anamupeza kuti, chifukwa akuchita ngati zenizeni. Madamu anawerenga zonsezi kawiri, mtima ukukoma. Kukomako kunamupusitsa, anakaonetsa manijala.

Manijala anaseka mpaka kugwira tebulo. "Iyi ndiye ntchito! Lachisanu tiionetsa anthu onse mu kantini, pa khoma. Atsopano ndi akale omwe."

"Bwana, imeneyi inali ya kusukulu chabe."

"Sukulu yake tikukutumizani ndife, si choncho? Lachisanu, Madamu."

Linali Lachiwiri. Chidziwitso chinamatidwa pakhomo la kantini, ndipo Azakhali anapempha mlonda kuti awawerengere kawiri, magalasi anali atawaiwala pamakina. Pofika madzulo fakitale yonse inali itadziwa kuti Azakhali ali pa intaneti. Anaimbira mchimwene wawo, bambo ake a Madamu, kuwauza kuti mwana uja sanamulere pachabe. Poweruka anamugwira Madamu mkono pageti.

"Aphunzitsi ako ati bwanji?"

"Ayikonda kwambiri, Azakhali."

"Ndinadziwa! Za phazi zija amva?"

Madamu anayang'ana basi imene inkabwera n'kunena kuti ndi yake, chonsecho sinali yake. Anakwera, n'kukatsika patsogolo, n'kuyenda wapansi ulendo wautali akudzitukwana.

Lachitatu anapita pamakina a pakona katatu kuti akaulule. Ulendo woyamba anafunsa za sizasi. Wachiwiri anafunsa ngati bondo lawo lasiya kupweteka. Wachitatu Azakhali anamupatsa theka la nthochi, iye n'kulandira ndi manja awiri, n'kudya. Munthu wophunzira kulankhula ndi akuluakulu pa kompyuta, kulephera mawu anayi okha kwa mlongo wa bambo ake!

Lachinayi nthawi ya nkhomaliro Azakhali anabwera okha m'chipinda chosungira nsalu. Anali asanalowemo chiyambire kosi, ankati sakufuna kusokoneza sukulu. Anakhala pa mpukutu wa nsalu yoyera n'kupukuta magalasi ndi m'mphepete mwa epuloni.

"Tandionetsa ndidzione ndekha kaye. Mwina ndinatsegula pakamwa ngati nsomba, ndisakadzidzimuke mawa pagulu."

Bodza linali pafupi. Akanatha kunena kuti intaneti yavuta, Azakhali sakanadziwa kuti vidiyoyo ili mu laputopu momwemo. Madamu anatsegula pakamwa, koma bodzalo linamuthera, anali atatopa nalo. Anatembenuza laputopu n'kudina.

Diresi labuluu linaoneka, ndipo Azakhali anamwetulira n'kudzigwira patsaya. Kenako chithunzi chinaima, mtanda wofiira n'kugwera pakamwa pawo penipeni. Bzzz. Kumwetulira kuja kunatsalira pankhope kanthawi, ngati sikunauzidwe kuti zinthu zasintha. Bzzz. Bzzz. Madamu ankayang'ana pansi, pa ulusi umene unamatirira kunsapato yake, akuwerenga maphokosowo mumtima. Mphindi zitatu sizinatalikepo chonchi.

Manja a Madamu ataoneka akusoka, Azakhali anasendera pafupi. "Tabwezera pamenepo." Iye anabwezera. "Kolala yako yakhota kumanzere. Ukukoka nsalu m'malo moiperekeza." Anatero ndi mawu a masiku onse, ngati akumuphunzitsa monga kale. Kenako anakhala ngati akumbukira pamene ali, n'kuvula magalasi.

"Mawu anga ali kuti?"

"Ndinawachotsa, Azakhali."

"Onse?"

"Onse."

"Aona anthu angati?"

"Makumi anayi. Ndi abwana."

"Anaseka?"

Madamu anavomera ndi mutu. Misozi inali itayamba kale, koma Azakhali sanamuyang'ane n'komwe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Akanamutukwana, kumukumbutsa matewera amene anamuchapira, kumuopseza kuti akanena kwa bambo ake, zonsezo Madamu akanazilandira ndi manja awiri ngati nthochi ija. Koma iwo anangoti, "Ukanandiuza kuti ukufuna chitsiru, ndikanakuchitira. Ndikanangovala epuloni." Anadzuka pang'onopang'ono chifukwa cha bondo lija, n'kutseka chitseko bwinobwino osachimenyetsa.

Masana amenewo Madamu sanaphunzitse munthu. Anakokera makina akale m'chipinda muja, kutsamiritsa foni pa mulu wa ulusi, kuvula nsapato, kumasula kachitsulo kotchinga chala, n'kudzaza mapini pakamwa. Pini imodzi inamubaya lilime, ina inatsala pang'ono kutsetserekera kukhosi, ndipo apo m'pamene anadziwa kuti ngakhale kulakwitsa kwa Azakhali kunkafuna luso. Anadzijambula, n'kudziika mitanda yonse isanu ndi iwiri pankhope pake. Vidiyo yakale anaichotsa pa tsamba la kosi, n'kulembera mphunzitsi ndi kalasi yonse kuti mayi uja sanali wa sewero, ndi katswiri amene anamuphunzitsa iye ntchito, ndipo anamujambula momunamiza. Mphunzitsi anayankha mwaulemu kuti ayambirenso kuwerenga phunziro loyamba. Lija anakhoza onse khumi.

Lachisanu kantini inadzaza. Nkhope ya Madamu itaoneka pakhoma, mapini ali mbuu pakamwa ngati ndevu za mphaka, anthu anagwa nazo nseko. Bzzz iliyonse ankaibwereza ndi pakamwa. Manijala anamuyang'ana modabwa, koma poona kuti anthu akusangalala anangogwedeza mutu. Ena ankafunsana kuti nanga ya Azakhali ija ili kuti, ndipo Azakhali, amene anakhala kumbuyo kwenikweni atavala epuloni yawo yakale, anayankha kuti sinatuluke bwino, kuwala kunachepa. Anamuphimbira mwana wa mchimwene wawo pagulu, ndipo zimenezi zinamuwawa Madamu kuposa nseko zonse zija.

Anthu atabwerera pantchito, Madamu anatsuka kumaso n'kupita pakona paja. Mtima unkamuuza kuti mwina zatha, walipira, wasekedwa nayenso. Koma ali patali anamva kuti china chake chasintha. Makina a Azakhali ankadziwika kulira kwake, ankathamanga osapumira ngati mvula padenga la malata. Lero ankalira modukizadukiza, ngati a munthu amene wayamba dzulo.

Atafika anaona chifukwa chake. Azakhali anali atavala nsapato, zomanga zingwe. Kachitsulo kaja kanali katabwerera pamalo pake, atakamanga okha. Mapini anali m'kachitini pambali, ndipo ankatola imodziimodzi ndi zala. Milomo yawo, yopanda kanthu, inkaoneka yachilendo.

"Azakhali," anatero Madamu atagwada pambali pa makinawo, osasamala kuti mzere wonse ukuona, "ija ndinaifufuta. Ndinawauza onse zoona. Ndinalakwa kwambiri, ndikhululukireni. Vulani nsapatozo, chonde, palibe amene akuuzeni kanthu."

Azakhali anaimitsa makina. Anamuyang'ana mokoma ndithu, opanda mkwiyo, mmene ankayang'anira oyendera akabwera.

"Palibe kanthu, Madamu," anatero. "Mwatiphunzitsa bwino. Dzukani, mudetsa siketi."

Madamu sanadzuke. Ankadikira kuti mwina aseka, amukoka khutu, anena kuti iwe mwanawe choka apa ukunditchinga kuwala. Azakhali anatola kolala ina, kuiyala pansi pa singano, n'kuika nsapato pachopondera.

"Kapena pali china chimene ndikulakwitsabe, Madamu?"