Pakhosi pa Atelala

Wamkulu akamakupatsa uthenga wokhudza moyo wa bambo ako, maso ndi makutu ako zikhale kwa iye. Mwana wachisamba wa atelala anaphwanya lamulo limeneli m'khonde la chipatala, aliyense akuona.

Mtima wa bambo ake unkagunda modumphadumpha. Madokotala analowetsa kachubu mumtsempha wapamphechepeche mpaka kukafika mumtima, nawotcha timalo timene tinkasokoneza kagundidweko. Powatulutsa, dokotala anaitanira mnyamatayo pambali kuti amulangize. Iye ankangogwedeza mutu, chala chikuyenda pafoni.

"Ati chiyani adokotala?" anafunsa mayi ake kunyumba.

"Ati zonse zili bwino."

Atelala anabwerera pamakina awo. Patapita masabata, anayamba kukankhira mbale kutali.

"Chakudya chikundibaya apa," anatero, akuloza pachifuwa.

"Mwayamba kunyoza kaphikidwe ka amayi mutakalamba?" anaseka mwana wawo wamkazi. "Achimwene, inu adokotala athu a pafoni, tiwatani?"

Mnyamatayo sanaseke. M'mutu mwake munabwerera zidutswa za mawu: kumeza, kutentha thupi, musachedwe. Koma kuulula kuti sanamvetsere kunamulemera. "Ndi chimfine," anatero, nakawagulira mankhwala a mutu.

Makina anakhala chete, malaya a eni ake ali pansi pa singano, opanda mkono umodzi. Atelala ankanjenjemera m'bulangete dzuwa likuswa mtengo. M'mawa wina kapu inawapulumuka, mlomo unakhota, mawu anakana kutuluka.

Kuchipatala, abale anadzaza khonde lomwe lija. Dokotala anatuluka nkhope ili gwaa.

"Kummero kumadutsa kuseri kwenikweni kwa mtima. Moto uja, mwa apo ndi apo, umasiyapo chilonda chimene chimaboola pang'onopang'ono. Chaboola. Tikuwachita opaleshoni tsopano, koma sindikulonjeza. Ndinanena kuti akangomva kuwawa pomeza kapena kutentha thupi, muthamange nawo. Mayi, munadikiriranji?"

Maso a alamu ndi azakhali onse anagwera pa mayiyo. Iwo anangogwira pakamwa.

Mnyamatayo anaimirira.

"Asiyeni amayi, sanauzidwe kanthu. Munauza ine, adokotala, ine ndili pafoni. Bambo atayamba kudwala ndinakumbukira, koma ndinaopa manyazi, ndinati ndi chimfine. Ndachedwetsa bambo anga ndine."

Bedi lamatayala lonyamula atelala linadutsa pakati pawo, chitseko cha chipinda cha opaleshoni n'kutsekeka.