Chitsulo cha Belu cha a Mligo

Tsiku limene makolo anasankha a Mligo kukhala wapampando wa komiti ya sukulu, akazi awo a Sekilasi anangoti, "Basi, Mayi Ngailo ali m'madzi."

Mayi Ngailo anali mphunzitsi wamkulu watsopano, ndipo udindo umenewo a Mligo ndiwo anali nawo asanapume pantchito. Sukuluyo ankaikonda ngati mwana wobala okha. Mitengo ya paini yozungulira bwalo anabzala ndi iwo. Belu, limu yakale ya gudumu la lole, anachita kubwera nalo panjinga kuchokera kutauni ya Njombe. Popuma anatenga chitsulo choimbira belulo, ati chikumbutso.

Tsopano chitsulocho chinabwerera. M'mawa uliwonse chifunga chisanachoke, a Mligo ankaimba belu, kufoletsa ana, n'kumalowa m'makalasi kudzudzula aphunzitsi ana akuona. Kunena zoona, mkuluyu sanali woipa mtima. Ankangosowa masiku ake akale.

Tsiku lina a Sekilasi anabwera kumsika nkhope ili yakugwa.

"Mwamva, bambo? Mayi Ngailo akufuna kupempha kuti awasamutse. Akuti sukulu singakhale ndi mitu iwiri. Munthu amene wachititsa kuti tidzukulu tathu tiyambe kuwerenga, mumuthamangitse ndi kachitsulo kanuko?"

"Ine ndikungothandiza," anatero a Mligo, koma mawu anatuluka ozizira.

Mawa lake kunabwera Lupyana, mlangizi wa maphunziro wa deralo, amene a Mligo anamuphunzitsa ali kamnyamata ka mamina. Anakhala pakhonde akumwa tiyi.

"Mwalimu," anatero Lupyana, kuwatchula kuti mphunzitsi m'Chiswahili, "nthawi yanu ija wapampando anali ndani?"

"Malemu a Kaduma. Munthu ameneyo!"

"Analowapo m'kalasi mwanu kukudzudzulani?"

A Mligo anaseka mpaka kutsokomola. "Akanayerekeza? Iwo ankandidikira pamsonkhano ndi mafunso obaya. 'Bwanji ana akujomba nthawi yokumba mbatatesi? Tikuthandize chiyani?' Denga la sukulu lija litasasuka ndi mphepo, anamema makolo ndi iwowo. Koma belu sanaligwirepo."

Atanena zimenezo anayang'ana chitsulo chimene chinali pamiyendo pawo. Anachita manyazi.

"M'masukulu amene ndimayenderamu ndimaona zomwezo," anatero Lupyana mofatsa. "Kumene ana akukhoza bwino, komiti imagwirizana zolinga ndi mphunzitsi wamkulu, imafunsa mmene zikuyendera, n'kumusiya agwire ntchito. Pakalakwika, mumakambirana pamsonkhano, osati pamaso pa ana."

Lolemba a Mligo anapita kusukulu, koma sanakhotere kubelu. Anagogoda pa ofesi imene kale inali yawo, n'kudikira kuti awauze kulowa.

"Mayi, ichi n'chanu," anatero akupereka chitsulocho ndi manja awiri. "Musachoke. Pamsonkhano mudzatiuze chimene chikujombetsa ana."

Mayi Ngailo sanachoke. Komiti inayenda khomo ndi khomo kukambirana ndi makolo, ndipo chaka chimenecho mbatatesi zinakumbidwa ana ali m'kalasi.

Masiku ano belu likamalira, a Mligo amakhala ali kumunda. Amaimika khasu n'kumvetsera mpaka lithe.

"Laliranso molakwika?" amawaseka a Sekilasi.

"Dzanja lake ndi lofewa," amayankha, "koma taonani mmene ana akuthamangira."

Komiti ya sukulu ndi yoika zolinga, kufunsa ndi kuthandiza. Kuyendetsa sukulu tsiku ndi tsiku ndi ntchito ya mphunzitsi wamkulu. Aliyense akagwira yake, opindula ndi ana.